Lupanga la Apongozi

Ikuo Nanba anali atawerama pa mwala wake wonolera, madzi akudontha m'zigongono, pamene kalole koyera ka apongozi ake kanaima pakhomo. Nyenje zinali zitayamba kale phokoso ngakhale dzuwa linali lisanakwere. Anamva chitseko cha galimoto chikumenyetsedwa, kenako mawu a mkazi wake Chizuru akulonjera bambo ake pabwalo.

"Ali mkati wonola mipeniyo?" anafunsa a Tokuji.

"Ali momwemo, Bambo. Koma mipeni sanola, mukudziwa inu."

"Chitsulo ndi chitsulo basi."

Ikuo anapukuta manja n'kumwetulira yekha. Dzina limeneli anali atalizolowera. Anthu ankachoka ku Osaka ngakhale ku Tokyo komwe ndi malupanga akale kuti awanolere, awauze amene anawasula, nthawi yake ndi mtengo wake. Koma kwa a Tokuji Kishi, mlimi wa mapichesi wa kuphiri, iye anali wonola mipeni amene anawatengera mwana wawo wamkazi zaka zoposa makumi atatu zapitazo.

Sankamuda ayi. Ankangomusunga ngati mlendo. Nyengo yokolola ikafika ankamubweretsera bokosi la mapichesi osankhidwa, lililonse m'pepala lake, dzina la Kishi litadindidwa pamwamba, monga momwe ankatumizira dokotala wawo ndi wansembe wa kukachisi. Mapichesi a zipsera, aja ojomphedwa ndi mbalame kapena ofinyika mbali imodzi, amene amatsekemera kuposa onse, ankadya a m'nyumba okhaokha, m'beseni, ali chiimire kukhitchini. Ikuo anali asanapatsidwepo ngakhale limodzi. Zimenezi zinkamupweteka.

Tsiku limenelo bokosi linalipo monga mwa masiku onse, ndipo a Tokuji analiika pakhomo dzina likuyang'ana kumwamba. Dzina limenelo sankalola kuti munthu aliseweretse. Chaka china wamalonda wa mumzinda anagula mapichesi awo n'kuwasamutsira m'mabokosi a munda wina wotchuka kuti akwere mtengo. A Tokuji atamva anakwera sitima n'kukaima pakhomo pa sitoloyo, akuuza aliyense wolowa kuti zipatsozo ndi za Kishi, mpaka mwini wake anatuluka kudzapepesa. Nkhaniyi ankaikamba pa phwando lililonse, ndipo chaka ndi chaka m'nkhanimo mwini sitolo uja ankawerama motsika kuposa chaka chatha.

Koma m'khwapa linalo munali kanthu kena katali, kokulunga m'nsalu yofiirira. Ikuo anadziwa kuti ndi lupanga. Lupanga la banja la Kishi ankangolimva mbiri. Akuti kalekale kholo lina la banjali linavuula mfumu ya chigawo pa mtsinje wosefukira, ndipo mfumuyo inalipatsa lupanga losulidwa ndi Moritane, mmisiri amene dzina lake lokha limachititsa amalonda kumeza malovu. Ali mkamwini watsopano Ikuo anapemphapo kuti alione, ndipo anayankhidwa kuti limagwiridwa ndi a magazi a Kishi okha. Sanapemphenso.

A Tokuji anakhala pamkeka akubuula maondo, n'kuika mtolowo patsogolo pawo.

"Masaru wakana kulilandira," anatero. Masaru anali mwana wawo wamwamuna, mlongo wake wa Chizuru. "Akuti m'tinyumba tawo ta m'mwamba ta ku Tokyo mulibe poliika, ndipo mkazi wake akuopa kuti ana angavulale nalo. Mwana wobala ndekha ameneyo! Ndiye ndalipereka kukachisi. Wansembe ndamuuza, komiti ya mudzi ndaiuza, kalipentala akupala thabwa lolembapo mbiri yake. Pa chikondwerero cha mu Okutobala ndikalisiya m'manja mwa milungu, ine ndidzafe bwino."

"Mwaganiza bwino, Bambo."

"Sindinabwere kudzafunsa ngati ndaganiza bwino. Wansembe akuti pachimake pakhale dzanja la munthu wodziwa. Akuti m'chigawo chonse chino ndiwe. Ndinaseka ine, koma akuti ndiwe. Ndiye ulembe kuti Moritane, usaine pansi pake."

Lupanga lakale limagona m'chimake chathabwa loyera, chosapaka utoto. Wodziwa malupanga akaliyesa n'kukhutira, amalemba ndi inki pathabwapo dzina la wosula, lake pansi. Zimenezo sizifufutika, ndipo zimayenda ndi lupangalo iye atafa kalekale. Ikuo anali atalembapo zambiri, koma panalibe chimene anachilandira ndi chimwemwe ngati ichi. Apongozi ake anali atamutuma kanthu, koyamba.

Anayala nsalu, anatseka zenera, anayatsa babu limodzi lopanda chivindikiro, n'kuwerama kulonjera lupangalo. Kenako anapinda kapepala n'kukaluma ndi milomo kuti mpweya kapena malovu zisagwere pachitsulo. Anasolola pang'onopang'ono, mbali yakuthwa ikuyang'ana kumwamba. Fungo la mafuta akale linadzaza chipinda.

"Chotsa chogwirira uone dzina," anatero a Tokuji. "Lili pamchira, m'katimo."

Ikuo anapukusa mutu.

"Dzina amaona pomaliza, Bambo," anatero Chizuru, amene anali atabwera ndi tiyi wa balere wozizira. "Amayamba afunsa chitsulo. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Nkhono yake ndi iti apa? Dzina lalembedwa kale!"

Ikuo anaimika lupangalo patali ndi nkhope n'kuyang'ana kupindika kwake. Kenako analipendeketsa kubabu n'kuyamba kuliyendetsa kuchokera kumunsi. Linali lupanga labwino. Izi anaziona asanafike n'pakati pomwe. Chitsulo chinali chogwirana bwino, chopanda mng'alu, ndipo m'manja linkakhala ngati likudziwa kopita. Kumsana kwake kunali kachipsera kakang'ono pomwe lupanga la munthu wina linagunda n'kulephera kupitirira.

Koma silinali la Moritane. Pa malupanga a Moritane, mzere wa moto, uja woyera umene umatsala m'mbali yakuthwa chitsulo chikaviikidwa m'madzi, umavina ngati malawi. Wa lupanga ili unali wowongoka, wodekha, wopanda matama. Chitsulo chinali chakuda ngati cha amisiri a kuseri kwa mapiri, ndipo kupindika kwake kunali kwa m'nthawi ya nkhondo zimene zinabwera Moritane atagona m'manda zaka mazana awiri. Ikuo anabwereza kuyang'ana, akufunafuna chimene chingamutsutse. Tiyi wa apongozi anatha, anawathirira wina, iye akadali pomwepo.

Pomaliza anagogoda kachikhomo kansungwi n'kuvula chogwirira. Dzina linalipo ndithu pamchira, zilembo ziwiri zikuluzikulu. Koma dzimbiri la mchirawo linali lakuda ndi losalala, pamene la m'kati mwa zilembo linali lofiirira, laling'ono msinkhu. Dzanja limene linagwira tchizulo linayenda monyinyirika, likuima m'makona, ngati la munthu amene akukopera akuyang'ana pambali. Munthu salemba dzina lake akuima kuti akumbuke.

"Waona?" anatero a Tokuji, maso akuwala. "Wagwirapo lotere chibadwire?"

Kapepala kaja kanamuthandiza, chifukwa sakanadziwa chonena. Anapukuta lupangalo, analipaka mafuta, analibweza m'chimake, n'kuweramanso. Atachotsa kapepala anati, "Ndi lupanga labwino kwambiri, Bambo. Ndisiyireni masiku angapo."

"Masiku angapo kulemba zilembo ziwiri? Sukulu unapita iwe?"

A Tokuji anatuluka akuseka, ndipo kalole kaja kanakwera msewu wa kuphiri.

Chizuru anatola makapu, koma sanapite nawo kukhitchini.

"Nkhope yanuyo ndaiwerenga kale," anatero. "Si Moritane."

"Si iye."

"Ndiye ndi chitsulo chachabechabe?"

"Ayi. Chaka chino sindinagwire labwino kuposa ili. Koma dzinalo n'la eni. Wina analilemba pambuyo pake."

Chizuru anakhala pansi, makapu ali pamiyendo. "Lembani basi, amuna anga."

"Chizuru!"

"Likagona m'chipinda cha katundu kukachisi, lizituluka kamodzi pachaka anthu ataledzera kale. Adzadziwa ndani?"

"Aliyense wodziwa amene adzalisolole."

"Alipo angati odziwawo? Inu ndi anzanu atatu a dazi aja?"

"Nanga milungu?"

"Milungu ya kwathu kuphiri yakhala ikulandira mowa wothira madzi kuyambira ndili mwana. Sindinaimve ikudandaula."

Ikuo anafuna kuseka, koma sizinatheke. Mkazi wake nayenso sankaseka.

"Bambo apitirira zaka makumi asanu ndi atatu, mtima wawo ukuyendera mapilitsi," anapitiriza. "Mayi anatisiya, Masaru ndi uyo wawakana. Chatsala n'chiyani? Mitengo yawo ndi dzina limenelo. Ndipo inu, musandinamize, zaka zonsezi mwakhala mukudikira kuti akutumeni kanthu. Lero akutumani, mukufuna muwachititse manyazi pamaso pa mudzi wonse? Mukawakana, pakhomo pano sadzapondaponso."

Zimenezo Ikuo ankazidziwa bwino. Mawa lake anapera inki, anaika chimake pansalu, anaviika burashi. Anakhala choncho dzanja lili m'malere mpaka inki inauma kunsonga. Anaviikanso, inaumanso. Maganizo ake sanali pa anzake a dazi aja, kapena pa milungu. Ankangoona mzere wowongoka uja, ndi munthu amene anauika pamenepo, amene sanasiye dzina lake paliponse. Tsiku lachitatu anati mapanga awiri avumbwitsa, anatsuka burashi, anakulunga lupangalo m'nsalu yake n'kukwera nalo kuphiri.

Anapeza a Tokuji m'shedi yolongedzera, akusankha mapichesi. Ankatenga lililonse m'chikhatho ngati dzira, kulitembenuza, kulinunkhiza, n'kuliika uku kapena uko. Chidindo chawo chinali pambali pa mulu wa mabokosi.

"Walemba?"

"Sindinalembe, Bambo."

"Inki yakuthera? Ndikugulire?"

Ikuo anagwada pakhomo pa shediyo, mtolo uli patsogolo pake. "Lupanga ili silinasulidwe ndi Moritane. Dzina lija wina analilemba pambuyo pake. Sindingalembe zimene sindinaone."

A Tokuji anatsitsa pichesi limene linali m'manja mwawo mosamala kwambiri, ngati kuti nkhani inali imeneyo.

"Nenanso."

Ikuo ananenanso. Anafotokoza za mzere wa moto, za kupindika, za dzimbiri la m'zilembo. A Tokuji anamvetsera mpaka kumapeto, khosi likufiira.

"Ndiye agogo anga anali abodza? Bambo anga, amene ankagwada pamaso pa lupanga ili chaka chilichonse chikamayamba, ankagwadira bodza?"

"Palibe wa m'nyumba mwanu amene ananama. Mafumu a nthawi imeneyo ankapereka malupanga otere kawirikawiri. Mphatso inkafuna dzina lalikulu, ndipo malupanga a mayina aakulu anali ochepa. Kholo lanu linalandira chimene linapatsidwa."

"Ha! Tsono mfumu ndiye wabodza. Onse abodza, woona ndi wonola mipeni wa kumunsi kwa phiri! Ikuo, mkamwini asamakule mwendo. Ndakulowetsa pakhonde, wayamba kale kuwerenga zipinda."

"Wakutsina khutu ndi mnansi, Bambo."

"Khutu langa lisiye, ndabwera nalo kutali."

"Ilipo njira," anatero Ikuo. "Dzina lonama timalichotsa. Timagogoda pang'onopang'ono ndi kanyundo mpaka chitsulo chitseke zilembo. Likatero ndingalembe zoona pachimake, kuti wosula sadziwika, koma ntchito yake ndi yotere, ya kuseri kwa mapiri, ya nthawi yakutiyakuti. Chimake sichinganene china mchira ukunena china."

"Ugogode dzina la nyumba yanga ndi nyundo?"

"Amene anasula lupanga ili anali mmisiri weniweni, Bambo. Kumsana kwake kuli chipsera. Tsiku lina linatchinga lupanga la mdani, munthu n'kubwerera kwawo wamoyo. Ntchito ndi yake, koma wotamandidwa ndi wina."

A Tokuji anaika dzanja pa chidindo chawo. Kenako anaimirira, anatola mtolowo n'kuukumbatira pachifuwa.

"Odziwa malupanga sali ndiwe wekha. Mumzinda adzaza. Akandilembera."

"Alipo amene angakulembereni, n'zoona."

"Chabwino. Njira ukuidziwa."

Ikuo anawerama, anatsika phiri. Kunyumba Chizuru anamuyang'ana m'manja, anaona kuti mulibe kanthu, sanafunse.

Masabata anadutsa. Mapichesi oyambirira anatha, anayamba a m'mbuyo, koma bokosi lachiwiri limene linkabwera chaka chilichonse silinabwere. Chizuru ankakwera kuphiri yekha kukawachapira ndi kukawaphikira, n'kubwerako ndi mawu ochepa. Mpunga ankamuikira mwamuna wake patebulo monga kale, koma mbale inkafika ndi phokoso.

"Thabwa lija kalipentala wamaliza," anatero tsiku lina. "Dzina la Moritane lalembedwa kukula ngati dzanja langali. Mudzi wonse wapita kukaliona. Mwakondwa?"

"Andifunsa?"

"Akufunseni ndani? Dzina lanu satchula n'komwe. Akangoti uja, timadziwa."

Ikuo anabwerera ku mwala wake. Anali munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi, wolemekezeka pa ntchito yake, koma ankamva ngati mwana wothamangitsidwa pakhomo. Nthawi zina ankadzifunsa ngati zilembo ziwiri zinali zoti n'kutayira apongozi. Yankho linkabwera lomwelo, koma silinkamusangalatsa.

M'mawa wina, nyenje zitayamba kuchepa, kalole koyera kanaimanso pakhomo. Chitseko sichinamenyetsedwe. A Tokuji analowa okha osayembekezera kulonjeredwa, anakhala pamkeka pomwe paja, mtolo wofiirira patsogolo pawo. Anali ataonda. Chizuru anaima pakhomo la chipinda, thaulo lili m'manja.

"Ndinapita kumzinda," anatero, akuyang'ana khoma. "Sitolo yaikulu, magalasi okhaokha. Munthu wake wa tayi, wonunkhira. Anandipatsa tiyi ndi keke. Anatenga lupanga osawerama n'komwe. Kho! chikhomo chatuluka, chogwirira chili pansi. Kuona dzina, 'Eee, Moritane! Mwayi wanu, agogo!' Akulankhula pamwamba pa chitsulo, malovu akuuluka. Lupanga lenilenilo anangoliponyera diso kamodzi, ngati munthu woona ngati kunja kukugwa mvula. Anati andilembera tsiku lomwelo."

"Ndiye analemba?" anafunsa Chizuru.

"Ndinamudziwa," anatero a Tokuji. "Nkhope ina, sitolo ina, koma ndi munthu yemwe uja wa mabokosi. Chipatso sachiyang'ana. Ndinamulanda, keke yake ndinamusiyira."

A Tokuji anakankhira mtolowo kutsogolo.

"Iwe unaliyang'ana mpaka ndinamwa makapu awiri a tiyi. Ine ndakhala nalo moyo wanga wonse. Chaka chikayamba ndinkavula chogwirira, kuona dzina, kuwerama, kubweza. Ndi momwe bambo anandiphunzitsira. Ndionetse zimene unaona."

Ikuo anayala nsalu, anatseka zenera, anayatsa babu. Anapinda timapepala tiwiri n'kupereka kamodzi kwa apongozi ake.

"N'chiyani ichi? Ukunditseka pakamwa?"

"Zaka zonsezi timafuna munthu wotero, Bambo," anatero Chizuru. "Lumani."

A Tokuji anamuyang'ana mwana wawo mokwiya, koma analuma. Ikuo anasolola lupangalo, analiika m'manja mwawo pansalu, n'kugwira zigongono zawo kuti alipendeketse bwino kubabu. Poyamba sanaone kanthu, anangophethira. Ikuo anatsitsa dzanja lawo pang'ono. Pamenepo mzere uja unatuluka m'chitsulo, woyera, wowongoka kuchokera kumunsi mpaka kunsonga, wosagwedezeka paliponse. Nkhalambayo inaleka kuphethira. Ikuo anawalozera ndi chala, osakhudza, momwe chitsulo chinapindidwira, timizere tating'ono ngati ta thabwa lopalidwa bwino. Pomaliza anatembenuza kumsana n'kuwaonetsa kachipsera kaja. A Tokuji anakayang'ana nthawi yaitali kuposa zina zonse. Amuna awiri aja anakhala choncho, mapewa atagundana, aliyense ndi pepala lake pakamwa, ndipo Chizuru anachoka mwakachetechete kukatereka madzi.

Lupanga litabwerera m'chimake, a Tokuji anachotsa kapepala n'kukaika m'thumba la malaya.

"Anali munthu wosalankhulalankhula wosula ameneyu," anatero.

"Ndikuganiza choncho."

"Wa kuseri kwa mapiri. Mwina ankalimanso."

"N'kutheka. Ambiri ankatero."

"Ndiye wina anabwera n'kumuika m'bokosi la eni." Anapukusa mutu. "Zaka zingati?"

"Zoposa mazana atatu, ndikayang'ana dzimbiri la m'zilembo."

"Ine tsiku limodzi lokha ndinakwera sitima." Anagwira bondo lawo n'kulisisita. "Lichotse."

"Bambo, ganizani bwino. Madzi akatayika saoleka. Ndikagogoda, dzinalo silibweranso, ndipo amalonda ngati wa tayi uja sadzakuitaniraninso keke."

"Ndati lichotse. Ndikubwereze kangati? Makutu ako ndi amene akufuna kutsinidwa."

Chizuru analowa ndi tiyi. "Nanga komiti, Bambo? Nanga wansembe? Mudzi wonse wamva kuti ndi Moritane."

"Anamva kwa ndani? Si kwa ine? Pakamwa ndi panga, ndikawauza ndekha. Aseke amene akufuna kuseka. Mzukulu wa Hirata wa m'mudzi mwathu uja aseke kwambiri, iye kwawo kulibe ngakhale chikwakwa chosiyidwa ndi makolo."

"Nanga thabwa lija?"

"Thabwa lili ndi mbali ziwiri. Kalipentala akatembenuza." Anatembenukira kwa Ikuo. "Pachimake ulemba chiyani?"

"Wosula sadziwika. Ntchito ya kuseri kwa mapiri, ya m'nthawi ya nkhondo. Lili ndi chipsera cha kunkhondo kumsana. Linasungidwa m'nyumba ya Kishi."

A Tokuji anabwereza mawuwo chamumtima, milomo ikuyenda. "Uwonjezere kuti ndi labwino."

"Sitilemba choncho, Bambo. Tili ndi mawu ake."

"Lemba m'mawu akowo, bola limveke. Ndipo dzina lako pansipo ulembe looneka, osati tizilembo ta nyerere. Wansembe maso ake ndi ofooka."

Anamwa tiyi wawo, anadandaula kuti ndi wotentha, anaimirira akubuula. Ikuo anafuna kuwagwira mkono, koma anamukankha. Lupangalo analisiya pamkeka, ndipo sanacheuke kuliyang'ana.

Pa kalole paja anavundukula chisanza kumbuyo n'kutulutsa beseni lakale la pulasitiki, lobenthuka m'mphepete. Munali mapichesi omaliza a chaka, a zipsera okhaokha, ena ojomphedwa, ena ofinyika mbali imodzi, opanda pepala ndi amodzi omwe. Analiika m'manja mwa Ikuo osamuyang'ana kumaso.

"Sachedwa kuwola amenewa, mudye lero," anatero. "Beseni ubweretse wekha Lamlungu, ndilibe lina."

Kalole kanakwera msewu wa kuphiri. Ikuo anaima pabwalo, beseni lili m'manja, mpaka phokoso lake linazimirira. Chizuru anatuluka, anasuzumira m'besenimo, kenako anayang'ana mwamuna wake. Anafuna kumuseka, koma ataona maso ake anangopukuta ake ndi thaulo lija.

"Musadyere pamkeka," anatero. "Amadontha."

Analowa kukhitchini, ndipo Ikuo anadya pichesi lake loyamba la zipsera ali chiimire, madzi akutsika m'zigongono.